Chotupa cha galu wa m'komboni chisamathere m'dzala

Galu wa ku Lilanda ndi mlonda wosalandira malipiro. Amagona panja pafupi ndi geti kapena kuseri kwa kantemba, ndipo chakudya chake ndi mkute wa nsima ndi mafupa otsala m'mbale zathu. Akatuluka chotupa pa bere, pa mwendo kapena kumalo obisika, tonse tikudziwa mmene nkhani yake imathera. Ena amamusiya mpaka chotupacho chiphulike n'kuyamba kununkha. Ena amapakapo oilo wakuda wa galimoto. Ena amamutengera kutali n'kukamutaya kuti akafere kumene ana sangamuone. Ochepa amene ali ndi kandalama amaitana dokotala wa ziweto, iye amadula chotupacho ndi kusoka bala, ndipo kanyama kodulidwako kamaponyedwa m'dzala kapena m'chimbudzi.

Kanyama kameneko ndi kamene kakundiwawa. Maganizo anga ndi akuti chotupa chodulidwa pa galu, pusi kapena ng'ombe chiyenera kufika ku labotale ndi kulembedwa m'buku, ndipo zina mwa zotupazo zipimidwe mozama ndi njira yopaka utoto imene imaonetsa puloteni yotchedwa p53. Ena aseka kale. Akuti nthawi zina anthu timabwerako ku kiliniki ndi kapepala chabe m'malo mwa mankhwala, ndiye uyu akukamba za labotale ya agalu? Funsolo ndi lomveka ndipo ndiliyankha, koma tiyambe tamva chimene chimapimidwacho.

Thupi la munthu, la galu kapena la mbuzi linamangidwa ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo selo lililonse lili ndi malangizo ake olembedwa mu DNA. Selo likamagawikana limakopera malangizowo, ndipo pokopera pamalowa zolakwika. Dzuwa, utsi ndi poizoni wa m'zakudya zimawonjezera zolakwikazo. Khansa imayamba pamene selo la malangizo owonongeka likupitiriza kuswana popanda woliletsa.

M'thupi labwinobwino woliletsa alipo, ndipo mmodzi mwa akuluakulu ake ndi p53. DNA ikawonongeka, puloteni imeneyi imaimitsa selo kuti likonzedwe kaye. Likalephera kukonzeka, imalilamula kuti life lokha lisanabale anzake odwala. Inapezeka mu 1979 ndi magulu angapo a asayansi amene sanali kugwirira ntchito pamodzi, kuphatikizapo David Lane ndi Lionel Crawford ku London komanso Arnold Levine ndi Daniel Linzer ku Princeton. Popeza ankaipeza yochuluka m'maselo a khansa, kwa zaka pafupifupi khumi ambiri ankaganiza kuti ndiyo imayambitsa matendawa. Mu 1989 zinadziwika kuti p53 yabwino imaletsa khansa, ndipo imene inkaoneka yochuluka m'zotupa inali yowonongeka. Lero tikudziwa kuti pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zili ndi p53 yowonongeka. Njovu za ku Luangwa nazonso zili m'nkhaniyi: mu 2015 ofufuza anaonetsa kuti njovu ili ndi makope 20 a malangizo opangira p53 pomwe munthu ali ndi limodzi, ndipo akuganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chinyama chachikulu chotero sichifa kawirikawiri ndi khansa.

Nanga chinthu chaching'ono kuposa selo amachiona bwanji? Kachidutswa ka chotupa kamaviikidwa m'mankhwala a formalin kuti kasawole, kenako kamaumbidwa m'phula longa la kandulo. Makina amasenga phulalo m'timagawo topyapyala kwambiri, moti timagawo 250 titaunjikidwa tingakwane milimita imodzi chabe. Kagawo kamodzi kamaikidwa pa kagalasi n'kudonthezerwa antibody. Antibody ndi puloteni imene thupi limapanga kuti ikagwire chinthu chimodzi chokha n'kusiya zina zonse, ndipo za mu labotale zimachokera kwa mbewa kapena akalulu amene anabayidwa p53 mwadala. Antibody ikagwira p53 pa kagalasi paja, amawonjezera mankhwala ena amene amasiya utoto wa bulauni pamalo pomwepo, ndipo maselo otsala amawapaka wabuluu. Woyang'ana pa maikulosikopu amawerenga maselo abulauni pakati pa abuluu. Njirayi imatchedwa immunohistochemistry, ndipo maziko ake anayalidwa ndi Albert Coons ku Harvard mu 1941.

Pali chinthu chimodzi chooneka ngati chotembenuka. Mungaganize kuti bulauni wambiri ndi nkhani yabwino, popeza akuonetsa kuti mlonda alipo. Ayi. P53 yabwino imakhala m'selo kwa mphindi pafupifupi 20 ndipo thupi limaichotsa, choncho mnofu wabwino umaoneka wabuluu pafupifupi wonse. Yowonongeka sichoka msanga, imangounjikana. Bulauni wodzaza kagalasi ali ngati alonda ambirimbiri pa geti, onse ali m'tulo.

Sindikufuna kugulitsa njirayi ngati mankhwala a m'botolo a pa City Market amene amachiza matenda onse. Ili ndi malire ake. Ma antibody ambiri ogulitsidwa anapangidwira p53 ya munthu, ndipo ena sagwira bwino ya galu kapena ya ng'ombe, choncho labotale iyenera kuyesa kaye kuti ndi iti imene ikugwira pa chiweto chiti. Nthawi zina p53 yabwino imachuluka chifukwa selo lili pa mavuto, ndipo bulauni amaoneka ngakhale malangizo ali bwino. Nthawi zinanso p53 imasoweratu ndipo kagalasi kamakhala kabuluu pomwe khansa ilipo. Pa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutimaliza amayi muno mu Zambia, kachilombo ka HPV kamapanga puloteni yake imene imaphwanya p53 m'selo. Ndi chifukwa chake katemera wa HPV amene Boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019 ali wofunika kwambiri. Chinanso n'chakuti utoto umangoonetsa kuti mlonda wavulala, sutchula amene anamuvulaza. Kuti zimenezo zidziwike pamafunika kuwerenga DNA yeniyeniyo. Ndiponso ma antibody ndi okwera mtengo, amachokera kunja, ndipo amafuna firiji yosazima, chinthu chovuta m'dziko la malodishedingi.

Ndiye ndikulimbikiranji? Chifukwa galu wa m'komboni amadya zimene timadya, amamwa madzi a pa mpopi kapena a pa chitsime chomwe chija, amapuma utsi wa mbaula, wa malasha ndi wa mapulasitiki otenthedwa pa dzala, ndipo amagona pa fumbi limene ana athu amasewerapo. Kusiyana kwake n'kwakuti moyo wake ndi waufupi. Matenda amene pa munthu amabisala zaka makumi angapo, pa galu angaonekere m'zaka zochepa.

Tinaziona mu 2024. Chaka chimenecho kunali chilala, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi. Mu August, nduna ya zaumoyo Elijah Muchima inauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga zokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku chimene chimamera pa chimanga ndi nshawa. Boma litapima zitsanzo 25 zochokera ku makampani ogaya, pafupifupi theka linapezeka ndi poizoniyo wochuluka kupyola muyeso. Agaluwo sanafe ndi khansa, anafa chifukwa poizoni wambiri anawononga chiwindi mofulumira. Koma imfa zawo ndi zimene zinachititsa kuti unga upimidwe. Ndipo aflatoxin yemweyo, akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, amayambitsa khansa ya chiwindi pa anthu. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti odwala khansa ya chiwindi a kum'mwera kwa Africa kuno ndi a ku China, m'madera a aflatoxin wambiri, anali ndi p53 yowonongeka pamalo amodzimodzi, pa nambala 249 ya malangizo ake, ngati chidindo cha wakuba mmodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzathuyo mu 2024 anali galu.

Ku Kabwe nakonso agalu anachitira umboni. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake lidakalipo. Ofufuza a UNZA pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan anapima magazi a agalu a m'tauniyo n'kupeza kuti okhala pafupi ndi mgodi anali ndi mtovu wochuluka kuposa akutali. Ngati magazi a galu angajambule mapu a poizoni m'tauni, zotupa zake zingathandize kujambula mapu a khansa. Kodi zotupa za chiwindi zikuchuluka pa agalu odya gaga ndi unga wotsika mtengo? Kodi agalu a pafupi ndi dzala lalikulu la Chunga amadwala mosiyana ndi a ku Kalingalinga kapena Mtendere? Mafunso otere sayankhidwa ndi chotupa chimene chili m'chimbudzi.

Alimi a ng'ombe ali ndi gawo lawo m'nkhaniyi. Ng'ombe za nkhope yoyera, monga za mtundu wa Hereford, zimadwala khansa ya m'diso chifukwa cha dzuwa, ndipo apusi oyera imawagwira kunsonga za makutu ndi pamphuno. Kuwala kwa dzuwa kumawononga p53 pa khungu lopanda utoto wachilengedwe, ndipo ndi ngozi yomweyo imene abale athu achialubino amakhala nayo tsiku ndi tsiku. Mlimi amene wadziwa kuti kachironda ka pa diso la ng'ombe ndi khansa amakadulitsa kadakali kakang'ono, ndipo posankha ng'ombe yamphongo yoberekesa amayang'ana ya zikope zakuda.

Tsopano funso lija la kiliniki. N'zoona kuti tili ndi mavuto akuluakulu. Kolera amene anayamba mu October 2023 anapha anthu oposa 700, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo National Heroes Stadium, pafupi ndi ife pomwe pano, inasanduka chipatala. Chaka ndi chaka Kanyama imamira m'madzi. Wodwala khansa wochokera ku Chipata kapena Mongu amayenda ulendo wautali kudzafika ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Aliyense amene angati tichotse ngwee imodzi pa zimenezi kuti tipime agalu ndikhala woyamba kumutsutsa.

Koma zimene ndikupemphazi sizilanda bedi la wodwala. Sukulu ya madokotala a ziweto ilipo kale pa Great East Road: Samora Machel School of Veterinary Medicine, imene inayamba mu 1983 ndipo nyumba zake zinamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ili ndi kiliniki ya ziweto, ili ndi maikulosikopu, ili ndi ophunzira amene amafunika zinthu zenizeni zophunzirirapo. Central Veterinary Research Institute ya ku Balmoral nayonso ilipo. Komanso luso lake ndi limodzi. Njira yopaka antibody pa chotupa cha galu ndi yomweyo imene madokotala amagwiritsa ntchito pa khansa ya m'mawere ya amayi pofuna kudziwa ngati mankhwala a tamoxifen angathandize. Wachinyamata amene waphunzira kusenga phula, kupaka ndi kuwerenga kagalasi ka galu ali ndi manja amene dziko lino likuwasowa m'malabotale onse.

Ndiyeneranso kunena chimene chingakhumudwitse okonda zipangizo zodula: zotupa zambiri za agalu a m'komboni sizifuna p53 kuti zichiritsidwe. Chodziwika kwambiri pakati pa agalu oyendayenda ndi chija chotuluka kumalo obisika, chofiira, cha timabwampu ngati kolifulawa, chodontha magazi. Chimenechi ndi khansa yopatsirana. Maselo ake amoyo amachoka pa galu mmodzi kupita pa wina pokwerana, nthawi zinanso ponyambitana ndi ponunkhizana. Dokotala wa ziweto wa ku Russia, Mstislav Novinsky, anaonetsa mu 1876 kuti chimasamuka pa galu kupita pa galu. Gulu la Elizabeth Murchison ku Cambridge lasonyeza kuti maselo onsewa anachokera pa galu mmodzi amene anafa zaka masauzande zapitazo, ndipo matendawa amapezeka m'maiko osachepera 90. Munthu sangawatenge. Kuwazindikira n'kosavuta: dokotala amangogunditsa kagalasi pa chotupa, n'kupaka utoto wamba, n'kuyang'ana. Mankhwala ake ndi vincristine, jakisoni wa mumtsempha kamodzi pa sabata kwa masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi, ndipo agalu ambiri amachira. Vincristine amachokera ku kaluwa kaja kofiirira kapena koyera kotchedwa periwinkle kamene kamamera pakhomo pa nyumba zambiri, koma musayerekeze kukaphikira galu, chifukwa ndi poizoni ndipo muyeso wake umapangidwa ku fakitale. Agalu ambiri amene timawataya ponena kuti atenga matenda onyansa akanachira.

Zotupa za m'mawere a agalu aakazi nazonso ndi zofala, ndipo pafupifupi theka limakhala khansa yoopsa. Kuchotsa chiberekero galu adakali wamng'ono kumachepetsa ngoziyo, kumachepetsa ana agalu osowa mwini, ndipo kufula amphongo kumachepetsa kuyendayenda kumene kumafalitsa chotupa chopatsirana chija. Choncho zinthu zili ndi ndondomeko yake. Choyamba ndi katemera wa chiwewe, chifukwa chiwewe chimapha ana athu. Chachiwiri ndi kufula ndi kutseka. Chachitatu ndi kupima kotsika mtengo kwa kagalasi. P53 imabwera pamapeto, ndipo si ya galu aliyense, ndi ya kafukufuku.

Chimene chimalumikiza zonsezi ndi kabotolo ka formalin. Chotupa chikaumbidwa m'phula chimasungika pa shelefu zaka zambiri popanda firiji. Ndalama za ma antibody zikasowa chaka chino, phulalo lidikira. Zikapezeka, wofufuza angatenge zotupa za zaka zisanu n'kuzipaka zonse pamodzi, ndipo angathenso kuchotsamo DNA kuti aone pamene p53 inavulala. Chotayidwa sichibwerera. Anthu tili ndi Zambia National Cancer Registry yowerengera khansa zathu. Ziweto nazo zikufunika buku lotero, ndipo liyambe ndi makomboni, chifukwa agalu amene amafika ku kiliniki ndi a eni okhala ndi galimoto, a ku Kabulonga ndi Woodlands. Kuchokera ku Lilanda kupita ku UNZA ndi mabasi awiri, ndipo palibe kondakitala amene angakweze galu wodontha magazi. Buku lolembedwa ndi agalu a m'mayadi okhaokha lidzatiuza za agalu odya chakudya cha m'mapaketi, osati za odya zimene timadya ife.

Pempho langa likupita kwa anthu anayi. A Unduna wa Nsomba ndi Ziweto pamodzi ndi a Lusaka City Council, pamene mukubwera kudzabaya katemera wa chiwewe, monga masiku oyandikira 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, bwerani ndi wina woti azisisita agaluwo ndi kulemba zotupa zimene wapeza. Galu wagwidwa kale, chingwe chili m'khosi, mphindi imodzi ikwana. Madokotala a ziweto ndi othandizira awo, yendani ndi kabotolo ka formalin wochuluka kakhumi kuposa kanyamako, ndi kapepala kolembapo zaka za chiweto, chachimuna kapena chachikazi, komboni yake ndi zimene chimadya. A ku UNZA, landirani mabotolo amenewa pa mtengo umene munthu wa m'komboni angakwanitse, sungani phula, ndipo mukapeza zotsatira musazitsekere m'magazini a Chingerezi okha. Bwerani nazo pa wailesi za m'madera, m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chitonga. Ife amene timathandiza pa wailesi zimenezi timalandira mafunso a ziweto kuchokera kwa omvera, ndipo maikolofoni alipo.

Wachinayi ndi inu mwini galu. Musadikire kuti chotupa chikule ngati lalanje. Chionetseni chidakali ngati nshawa, pamene kudula kuli kosavuta ndi kotsika mtengo. Musapakepo oilo. Chikadulidwa, funsani dokotala kumene akupita nacho, ndipo pemphani kuti chipimidwe. Formalin musamusunge m'nyumba, ndi poizoni, musiyeni m'manja mwa a veti. Chimanga chachuku, gaga wonunkha chinyontho ndi nshawa zowola musapatse galu poganiza kuti mimba yake ndi yachitsulo, ndipo nanunso musadye. Agalu angapo a mumsewu umodzi akayamba kusanza, kukana chakudya ndi kuoneka achikasu m'maso, musathamangire kuloza neba kuti wathira poizoni. Yang'anani kaye thumba la unga, ndipo kauzeni a zaumoyo tsiku lomwelo.